TIKAMBIRANE PABWALO: Pepala lomwe liri kuseri kwa mabotolo



Ambiri mwa ife a m'mbali mwa nyanja mzinda wa Lilongwe timaudziwira ku Old Town. Ndi kumene basi ya ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota imatitula, ndi kumene usipa, utaka ndi mpunga wathu zimagulitsidwa, ndiponso ndi kumene kuli mzikiti waukulu wa ku Area 2 umene timathamangirako tsiku la Ijumaa tikapezeka m'tauni. Aliyense amene anayendapo madzulo kuchokera pa depoti kulowera mu msewu wa Malangalanga akudziwa kuti pakati pa masitolo a nsalu, a zitsulo ndi a zakudya palinso zitseko zina zimene Msilamu amazidutsa maso ali pansi. Kanjira kena kufupi ndi depotiyo anthu anachita kukapatsa dzina loti Devil Street, ndipo dzinali silinabwere chifukwa cha malonda a tomato.

Lero tikufuna tikambirane za chinthu chimodzi chimene chiri m'kati mwa zitseko zimenezo, chimene ife odutsa panja sitichiona. Ndi pepala. Malo aliwonse ogulitsa mowa movomerezeka ali ndi chiphaso, ena amati laisensi, chochokera ku khonsolo, ndipo kawirikawiri chimapachikidwa pakhoma kuseri kwa mabotolo. Pepalali si lamuyaya ayi. Limatha, ndipo mwini malo amayenera kubwerera ku khonsolo chaka ndi chaka kukapempha lina. Nthawi imeneyo, lakale likamatha latsopano lisanatuluke, ndi pamene khonsolo iyenera kudzifunsa ngati malowo ayenda bwino m'chaka chapitacho. Funso lathu ndi lakuti: pa nthawi imeneyo, khonsoloyo imamva mawu a yani?

Tiyambe ndi lamulo. Lamulo loyendetsa nkhani za mowa m'dziko muno ndi Liquor Act la 1979. Limaletsa kugulitsa mowa popanda chiphaso, ndipo limaletsa kugulitsa mowa kwa mwana wosakwana zaka 18. Ziphaso ziri m'mitundu: cha hotela ndi china, cha kalabu ndi china, cha bala ndi china, ndipo cha sitolo yogulitsa mowa woti munthu anyamule akamwere kwawo nachonso ndi china. Mtundu uliwonse uli ndi maola ake otsegulira ndi otsekera. Ntchito yopereka ziphaso, kulandira ndalama zake ndi kuyendera malowo iri m'manja mwa makhonsolo, amene lamulo la maboma aang'ono la 1998 linawapatsanso mphamvu zopanga malamulo awoawo a m'dera. Ku Lilongwe ndiye kuti ndi khonsolo ya mzinda, imene maofesi ake ali ku City Centre. Palinso lamulo lina loona za kagwiritsidwe ntchito ka malo, Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa la 1988. Poloti imene inaperekedwa kuti pakhale nyumba yogonamo siisanduka bala chifukwa choti mwini wake wagula firiji ndi mipando ya pulasitiki. Pamafunika chilolezo chosinthira ntchito ya polotiyo.

Tikudziwa zimene ena anene. "Ife sitimwa. Qur'an inatiletsa, nkhani inathera m'Surat Al-Maida. Za ziphaso za mowa zitikhudza bwanji? Kulowa m'nkhani imeneyi kuli ngati kuvomereza kuti mowa uzigulitsidwa, bola uzigulitsidwa mwadongosolo." Mawuwa ali ndi nzeru yake ndipo sitikuwanyoza. Koma taonani. Pa kalembera wa 2018 Asilamu tinapezeka kuti ndife pafupifupi anthu 14 pa anthu 100 aliwonse m'Malawi. Malamulo a dziko lino amalola mowa, ndipo aneba athu ambiri amamwa. Ife kukhala chete sikutseka bala ngakhale imodzi. Kumangochititsa kuti pa tsiku lounika chiphaso, pa tebulo pakhale pepala la mwini bala lokha. Mwana amene amagulitsidwa kabotolo pa golosale yoyang'anana ndi geti la sukulu safunsidwa ngati ndi Yusufu kapena Yosefe. Dalaivala wa minibasi amene wayamba wadzera pa bala asanayambe ulendo wa ku Salima sanyamula akumwa okhaokha. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anafa chifukwa cha mowa, ndipo m'chiwerengero chimenechi muli ofera pa ngozi za pamsewu ndi pa ndewu.

Tsono tiyeni tiuone bwino mzinda wa Lilongwe, pakuti nkhani ya chiphaso imasiyana malinga ndi pamene munthu waima. Pamene likulu linasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, tauni yakale inali iripo kale m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo mzinda watsopano unamangidwa chakumpoto, ku Capital Hill ndi ku City Centre. Okonza mapulani anagawa anthu monga mwa matumba awo. Kumayadi, monga ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, ndiponso Area 3 ndi Area 9 kufupi ndi Old Town, mapoloti ndi aakulu, mipanda ndi yaitali, mitengo ndi yambiri. Ku Kawale, ku Mchesi, kwa Biwi ndi ku Area 25 nyumba ndi zothithikana. Ndipo kunja kwa mapulani onsewo kunamera midzi monga Mtandire, Chinsapo, Mgona ndi Kauma, kumene kumagona alonda, akhukhi ndi osamalira maluwa a kumayadi. Pa kalembera wa 2018 mzindawu unali ndi anthu 989,318.

Mowa umagulitsidwa konseko. Kusiyana kwake ndi uku. Kumayadi, nyumba ina ikasanduka malo omwera n'kuyamba kuliza zoimbira mpaka mbandakucha, oyandikana nayo sadandaulira kukhosi. Pakati pawo pali loya, pali mlembi wamkulu wa unduna, pali kazembe wa dziko lina. Amadziwa nambala ya poloti, amadziwa kuti polotiyo ndi yogonapo, amadziwa khomo loyenera kugogoda, ndipo ofesi ya khonsolo iri pamphuno pawo, ulendo wa mphindi zochepa pa galimoto. Kalata imalembedwa pa kompyuta, imasainidwa, imakaperekedwa, ndipo kope lake limasungidwa. Sikuti nthawi zonse amapambana. Aliyense wodziwa pa Bwandilo ku Area 47 akudziwa kuti malo omwera akazika mizu pakati pa nyumba za anthu, kuwazula si masewera. Koma mawu awo amalowa m'fayilo, ndipo fayiloyo ndi imene imatsegulidwa chiphaso chikatha.

Ku Old Town zinthu ndi zina. Anthu amene amavutika ndi mabala a kumeneko ambiri sagona pamenepo. Ndi mayi wa usipa wa ku Makanjira amene wafika usiku ndipo akudikira kuti kuche, ndi telala wa ku Namwera amene amasoka pa khonde la sitolo, ndi mtsikana wa sukulu amene akusintha minibasi popita kwa Chinsapo, ndi mkulu amene popita ku Swala ya Subuhi amachita kulumpha magalasi osweka ndi mikodzo. Onsewa amadandaula, inde, koma amadandaulirana okhaokha, m'basi ndi pabwalo la mzikiti. Kuchoka ku Area 2 kufika ku City Centre ndi makilomita owerengeka chabe, koma kwa munthu amene sanalowepo mu ofesi ya boma mtundawo ndi wautali kuposa wa ku Makanjira. Motero chaka chikatha fayilo ya bala ija imatsegulidwa. Muli pepala la chaka chatha ndi lisiti la ndalama, mulibe dandaulo ngakhale limodzi. Kalaliki amangodinda. Nanga atani?

Apa tiyenera kunena chinthu chimene a khonsolo sangakonde kuchimva. Khonsolo iri ndi manja awiri pa nkhaniyi, lina loteteza anthu, lina lotolera ndalama. Kupatula zimene imalandira kuchokera ku boma, khonsolo imadalira misonkho ya nyumba, ziphaso za m'misika ndi malaisensi a bizinesi kuti ichotse zinyalala ndi kulipira antchito ake. Bala iriyonse yotsekedwa ndi ndalama yotayika. Ndipo ubale wa khonsolo ndi mowa ndi wakale kum'mwera kwa Africa kuno. Ku Durban, potsatira lamulo la 1908, khonsolo ya mzinda inatenga mphamvu yoti iyo yokha ndiyo izifulula ndi kugulitsa mowa wamasese kwa anthu akuda, ndipo phindu lake ndi limene linkayendetsera malokesheni ndi makomboni awo. Mizinda ina inatengera, kuphatikizapo Salisbury ndi Bulawayo, kotero kuti agogo athu amene anakagwira ntchito ku Halale anaziona ndi maso nyumba zikuluzikulu zomweramo mowa za khonsolo. Amayi a ku Natal anaukira nyumba zimenezi mu 1929 ndi mu 1959, ena chifukwa zinkameza malipiro a amuna awo, ena chifukwa zinkawalanda msika wa mowa wawo wa pakhomo. Sitikunena kuti khonsolo ya Lilongwe ndi chimodzimodzi ya Durban ya nthawi ya atsamunda. Tikungonena kuti amene amadya za chiphaso sangamafunefune yekha zifukwa zochikanizira. Zifukwazo wina ayenera kumubweretsera.

Wobweretsa woyamba ndi khansala, ndipo tisaiwale kuti dziko lino linakhalapo zaka 9 popanda makhansala. Amene anasankhidwa mu November 2000 nthawi yawo inatha mu 2005, ndipo chisankho china sichinachitike mpaka mu May 2014. M'zaka zimenezo ndi m'mene masacheti anafalikira: timapepala ta pulasitiki ta mowa waukali, totsika mtengo moti mwana ankatha kugula ndi ndalama ya mandasi, tokwana bwinobwino m'thumba la yunifolomu. Ankagulitsidwa pa okala, pa benchi ya mumsika, pa depoti, ngakhale pa madoko pamene asodzi akugawana ndalama za usiku. Dziko la Zambia linaletsa masacheti ake, amene kumeneko ankati tujilijili, mu 2012. Ife kuno tinaletsa mu 2015, Tanzania inatsatira mu 2017, ndipo m'chaka chomwecho cha 2017 boma lathu linakhazikitsa ndondomeko ya dziko lonse yokhudza mowa. Koma mowa uja unangosintha malaya n'kulowa m'timabotolo ta pulasitiki. Lamulo lochokera ku Capital Hill lingathe kuletsa chotengera, koma dzanja limene limapereka kabotolo kwa mwana wa Sitandade 7 liri pa kauntala ya golosale, ndipo woyang'anira kauntala imeneyo ndi khonsolo.

Wina asatiuze kuti maola otsekera sangatsatidwe. Mu January 2021, matenda a Covid-19 atafika povuta, boma linalamula kuti malo omwera azitseka 8 koloko madzulo. Si onse anamvera, koma pa nthawi imeneyo tinaona kuti boma likafuna limadziwa pamene pali mabala, ndiponso limadziwa kuwerenga wotchi.

Tsono tikapita ku khonsolo, tikalankhule chilankhulo chanji? Apa ndi pamene pagona nkhani. Tikakalemba kuti "tsekani bala iyi chifukwa mowa ndi haramu," kalata yathu idzaikidwa pambali mwaulemu, ndipo sitingawaimbe mlandu. Khonsolo si bwalo la mashehe. Malamulo oyendetsera dziko amene amatipatsa ife ufulu wopembedza ndi omwewo amene amapatsa mnzathu ufulu wochita bizinesi. Haramu ndi mawu a mu khutuba, a ku madrasa ndi a m'nyumba zathu, ndipo kumeneko tisawachepetse mphamvu. Ku khonsolo kumafunika zifukwa zimene lamulo liri ndi makutu ozimvera.

Abale athu amene anachoka kuno kukakhala ku Leicester ndi mizinda ina ya ku England angatiuze m'mene zimayendera kumeneko. Lamulo lawo la 2003 limalola munthu wamba kupempha khonsolo kuti iunikenso chiphaso cha sitolo kapena bala nthawi iriyonse, koma pempho lake liyenera kutsamira pa chimodzi mwa zifukwa zinayi: kupewa umbanda ndi chisokonezo, chitetezo cha anthu, kupewa zosowetsa mtendere oyandikana nawo, ndi kuteteza ana. Chipembedzo palibe pa mndandandawo. Khonsolo ikamva mbali zonse ikhoza kuchepetsa maola, kuonjezera zoyenera kutsata pa chiphasocho, kuchiimika kwa nthawi yosapitirira miyezi itatu, kapena kuchilanda kumene. Ku Gauteng, chigawo chimene kuli Joni kumene ana athu ambiri anakakhala, lamulo la 2003 limatchula mtunda wa mamita 500 kuchokera pa sukulu ndi pa nyumba yopembedzeramo ngati chinthu choyenera kuyang'anidwa chiphaso chisanaperekedwe. Amenewa ndi malamulo a eni ake, koma akutionetsa mtundu wa zifukwa zimene ofesi ya boma imatha kugwirapo.

Zifukwa za kwathu kuno nazo ziripo. Kodi malowo ali ndi chiphaso n'komwe? Ngati chiripo, ndi cha mtundu wanji, pakuti pali magolosale a chiphaso cha mowa wonyamula amene amaika mabenchi panja anthu n'kumamwera pomwepo? Akutseka nthawi yanji? Akugulitsa kwa ana? Pali chimbudzi, kapena khoma la madrasa ndilo lasanduka chimbudzi? Polotiyo ndi ya bizinesi kapena yogonapo? Mafunso amenewa amayankhidwa ndi kope la masamba 40 ndi bolopeni. Komiti ya mzikiti isankhe anthu awiri odekha, mmodzi akhale mayi, pakuti amayi ndi amene amaona zambiri za ana pamene abambo tiri kunyanja kapena kuntchito. Azilemba: tsiku lakuti, nthawi yakuti, nyimbo zinali zikulirabe, tsiku lakuti, ana atatu ovala yunifolomu anatuluka ndi timabotolo. Osalemba maina a ana, osalowa m'malomo kukayambana ndi munthu. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, kalata ilembedwe kwa mkulu wa khonsolo, kope lipite kwa khansala wa wodi, lina kwa mkulu wa polisi wa deralo, ndipo lina lidindidwe chidindo cha tsiku lolandirira n'kukasungidwa m'kabati ya mzikiti.

Kalatayo isasainidwe ndi Asilamu okha. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu, abusa a mpingo wa pafupi, amfumu a m'deralo, ngakhale bambo amene amamwa koma amafuna tulo usiku, onsewa dandaulo lawo ndi lomwelo. Kalata ya mzikiti wokha imaoneka ngati nkhondo ya chipembedzo, ndipo mwini bala adzathamangira kunena zomwezo. Kalata ya anthu 30 a zipembedzo zosiyana ndi yovuta kuikankhira pansi pa tebulo.

Yankho likachedwa, zida zina ziripo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, kotero munthu akhoza kulemba kalata yopempha kuti auzidwe ngati malo akutiakuti ali ndi chiphaso, cha mtundu wanji, ndipo chikutha liti. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa munthu ufulu wouzidwa zifukwa, zochita kulembedwa, pamene ofesi ya boma yachita chinthu chokhudza ufulu kapena zofuna zake. Kulinso ofesi ya Ombudsman, imene imamva madandaulo a anthu pa maofesi a boma mosalipiritsa. Makhansala amene tinawasankha pa 16 September 2025 anayenda khomo ndi khomo kupempha mavoti. Kuwatumizira kalata imodzi si kuwavutitsa.

Gawo 43 lomwelo limatetezanso mwini bala, ndipo ndi bwino kuti lizitero. Ayenera kumvedwa asanalandidwe chiphaso. Ena mwa ogulitsa mowa ndi amayi amasiye amene akulipirira ana sukulu, ndipo tisadzinamize kuti bala ikatsekedwa ludzu la akumwa limatha. Kawirikawiri limasamukira ku shabini ya kuseri kwa nyumba kapena kwa ophika kachasu, kumene kulibe pepala, kulibe maola, kulibe woyendera. Ndi chifukwa chake ife tikuona kuti nthawi zambiri chopempha chanzeru ndi chakuti azitseka pa ola lake, zokuzira mawu zilowe m'kati, chimbudzi chimangidwe, mwana asagulitsidwe. Kulanda chiphaso kukhale kwa amene wachenjezedwa n'kukana kumva. Ndipo kalata isanalembedwe, akulu awiri apite masana kwa mwini malo, amupatse moni, amuuze vuto. Ena amasintha pomwepo poopa kuti dzina lawo lingalowe m'fayilo.

Pali nkhani ina yowawa imene sitingaidumphe. Nyumba zina zimene muli mabala m'matauni athu eni ake ndi Asilamu. Mwini nyumba samwa, Swala sajomba, m'mwezi wa Ramadhan amasala, koma lendi ya pamwezi imachokera m'mabotolo. Za kuloledwa kapena kuletsedwa kwa lendi yoteroyo tikusiyira mashehe athu amene ali ndi maphunziro ake. Ife tingonena za mbali ya khonsolo: kalata ya mzikiti yodandaula za bala imene iri m'nyumba ya membala wa komiti ya mzikiti womwewo idzasekedwa, ndipo oseka sadzalakwa. Mwini nyumba ali ndi mphamvu imene khansala alibe. Sasowa kudikira msonkhano wa khonsolo. Amangolemba m'pangano la lendi kuti m'nyumba mwake musagulitsidwe mowa, kapena pangano likatha osalikonzanso.

Takamba za Lilongwe chifukwa ndi kumene kusiyana kwa olemba makalata ndi odandaulira kukhosi kumaonekera poyera, koma lamulo la mowa ndi limodzi dziko lonse. Ku Mangochi, ku Salima, ku Nkhotakota, ku Machinga ndi ku Balaka nakonso kuli khonsolo, kuli ofesi ya ziphaso, kuli makhansala. Kunyanja kuli vuto lakelake. Malo ogona alendo monga a ku Senga Bay ndi ku Cape Maclear amatenga ziphaso zawo, koma kunja kwa mipanda yawo kumamera timabala tosadziwika mwini, ndipo pa madoko usipa ukamafa mowa umafika pa njinga yamoto limodzi ndi ogula nsomba. Ambiri mwa amenewa alibe pepala lirilonse, ndipo pa iwo funso loyamba lija ndi lokwanira.

Kwa amene ali nalo, pepalalo likhoza kuwerengedwa. Msilamu sasowa kulowa mu bala kuti akalione. Neba amene amalowamo akhoza kutiwerengera, kapena khansala akhoza kukafunsa ku ofesi. Zofunika kudziwa ndi dzina la mwini, malo amene chiphaso chinaperekedwera, mtundu wake ndi tsiku lothera. Tsiku limenelo lilembedwe pa kalendala ya mzikiti, pambali pa nthawi za Swala, ndipo kalata ikafike ku khonsolo kutatsala miyezi iwiri kuti likwane.